A Makutu ndi Tebo ya Mkamwini

Mumsewu wa magalaja uja panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Makutu. Dzinali silinachokere pa kukula kwa makutu awo, ngakhale kunena zoona Mulungu sanawamane. Linachokera pa ntchito. Galimoto ikalowa pageti pawo, iwo sankathamangira kumasula zinthu ngati amakaniko ena. Ankauza mwini wake kuti asazimitse, n'kutenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, kenako n'kutsinzina. Akadzuka pamenepo ankatchula nthenda, ndipo injini ikamasulidwa nthendayo inkapezeka pomwe anenapo. Anthu ankachoka kutali kudzangomvetsereredwa galimoto.

Chimene msewuwo sunkadziwa n'chakuti makutu ajawo anali atayamba kutha. Sanatseke tsiku limodzi. Zinayamba kusowa ndi zing'onozing'ono. Mbalame za pawaya wa magetsi zinaleka kuimba, foni inaleka kuitana, kenako ketulo ya kunyumba inayamba kuwira mwakachetechete. Kugunda kwa injini ndi kugogoda kwa nyundo ankakumvabe bwino, koma chilichonse cholira ngati likhweru chinkangowadutsa. Anaphunzira kuyang'ana pakamwa pa munthu akamalankhula, ndi kuseka anzawo akaseka. Mumtima ankachita mantha kwambiri. Munthu wa msinkhu wawo, wosadziwa makompyuta amene anyamata amalumikiza ku galimoto masiku ano, mutamuchotsa makutu angatsale ndi chiyani? Ovolosi basi.

Tsiku lina m'mawa mkamwini wawo analowetsa pikapu yake ya dizilo m'galajamo. Anali munthu waulemu wake, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo pikapuyo ndiyo inali munda wake. Ankatutira njerwa ndi mchenga kwa omanga nyumba, ngolo atamangirira kumbuyo. Mkazi wake, mwana woyamba wa a Makutu, anatsika mbali inayo.

“Bambo, galimotoyi ikundichititsa manyazi,” anatero mkamwiniyo atatha malonje. “Ndapeza ntchito yabwino, koma malo ake ali pamwamba pa chitunda. Ndikamangirira ngolo, anthu a njinga akumandipitirira.”

“Ndiye mukufuna ndizibwera kudzakukankhani?”

“Ayi bambo. Ndimati mwina mungaiwonjezereko mphamvu. Ndapeza tebo yokulirapo kwa aja ogulitsa zitsulo za galimoto zangozi.”

Anatsitsa thumba n'kulitsegula. M'kati munali chitsulo chozungulira ngati chigoba cha nkhono, chija chimazunguzidwa ndi utsi wotuluka n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikoke mwamphamvu. A Makutu atachiona mtima unagwa. Pa zitsulo zonse za m'galimoto, tebo ndiyo siidziwa kugogoda. Ikakhala bwino imaimba likhweru, ikadwala imaimbanso likhweru, kusiyana kwake n'kochepa ndipo kumafuna khutu lakuthwa.

Akanatha kukana. Akanati manja adzadza, kapena kuti za matebozi n'za anyamata. Koma mkamwini anali atadutsa magalaja onse a makompyuta n'kubwera kwa apongozi ake, ndipo mwana wawo anali ataima pomwepo akumwetulira monga ankachitira ali wamng'ono, pamene ankawapatsira masipanala. Wowotcherera zitsulo wa tsidya la mpanda naye anali atasuzumira kale.

“Isiyeni,” anatero a Makutu.

Mkamwini anakanda pamutu. “Anzanga amati ndi bwino kuikanso geji yoonetsa mphamvu ya mpweya, kuti munthu asapyole muyeso.”

“Geji? Anzanuwo makutu alibe?”

Wowotcherera anaseka mpaka kugwira mpanda. Mkamwini anapepesa. A Makutu nawo anaseka, koma mawuwo atangotuluka anawawawa okha, chifukwa gejiyo ndiyo ikanawapulumutsa. Kansingano kake kakanawauza ndi maso zimene makutu akanalephera. Koma pakamwa pakazolowera kudzitama pamayankha mwini wake asanaganize, ndipo mawu onenedwa pamaso pa mkamwini sabwezeka.

Ntchito ya manja inayenda bwino, poti manja sanakalambe. Anachotsa tebo yakale n'kumanga yatsopanoyo. Kutsogolo anaikako kalediyeta koziziritsa mpweya usanalowe mu injini. Wowotcherera anawalumikizira paipi yotakata ya utsi. Anapotokola pang'ono sikuluwu ya pampu kuti dizilo azilowa wambiri. Chotsala chinali kandodo kachitsulo ka pambali pa tebo, kamene kamatsegula njira mpweya ukachuluka. Ukakafupikitsa mphamvu imakwera, ukapyola muyeso tebo imathamanga mpaka kudzidya yokha. Kale ankachita kumvetsera likhweru kuti adziwe polekezera. Tsopano anangofupikitsa mongoyerekeza, anaima, n'kuwonjezeranso pang'ono kuti mkamwini asadzati mphamvu sinasinthe.

Masana a tsiku loyesa, mwana wawo anabwera ndi tiyi m'fulasiki. Anawapeza ataliza injini, akukoka ndi dzanja waya wowonjezera moto wa injini. Pikapu inkanjenjemera ndi mphamvu, ndipo kugunda kwake kunali kosalala, kokoma m'chifuwa. A Makutu anayamba kulimba mtima. Atacheuka anaona nkhope ya mwanayo itakwinyika, mutu ataupendeka.

“Bambo, kulira kumeneko n'kwabwino?”

Anangotsala pang'ono kufunsa kuti kulira kuti. Funsolo linafika pammero, iwo n'kulimeza.

“Tebo iliyonse imaimba likhweru. Umafuna izikhala duu ngati mwala?”

“Likhweru ndikulidziwa, bambo. Koma uku kukumveka ngati...”

“Unayamba liti kundiphunzitsa ntchito? Ukakwatiwa ndi woyendetsa galimoto ndiye wasanduka makaniko?”

Mwanayo anatsegula fulasiki. Anathira tiyi m'kapu, n'kuika pabenchi pakati pa mabawuti, n'kutsanzika. A Makutu anamuyang'ana akutuluka pageti, mtima ukuwawa. Mwana ameneyu anakulira m'galaja, ndipo khutu lake analisula ndi iwo omwe. Ngati wati pali kulira, ndiye kuti kulipo. Anaika sikuludiraiva pa tebo, anaikanikiza kukhutu mpaka fupa kupweteka, anasintha khutu, anatsinzina mwamphamvu. Anangomva kunjenjemera kwa chitsulo.

M'mawa mwake akazi awo anawaikira madzi osamba monga mwa masiku onse, koma pa nthawi ya tiyi anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo. Mayiwa anali atazolowera kale kulankhula ndi amuna awo chamaso, ndipo sananenepo chifukwa chake.

“Mwana wanu anandiimbira. Akuti munamukalipira.”

“Amalowerera za ntchito.”

“Muwauze anawa, bambo.”

“Ndiwauze chiyani?”

“Musandiyese mwana. Ketulo ndimakuphulirani ndine. Foni ikaitana ndimakugwedezani ndine. Mlendo akagogoda ndimayankha ndine, inu n'kumati munali m'maganizo. Kugalaja kuja ine kulibe.”

A Makutu anayang'ana m'kapu. Anadabwa kuti sanakwiye. Anangozindikira kuti chinsinsi chimene anachisenza okha nthawi yonseyi chinali ndi mwini wina m'nyumba momwemo.

“Ndikanena lero, mawa msewu wonse wadziwa. Ndani angabweretse galimoto kwa gonthi kuti amumvetserere?”

“Nanga galimoto ya ana anu ikafera pachitunda, ngolo ili kumbuyo? Manyazi anapha lambe, bambo.”

A Makutu anaimirira. Anasiya tiyi wosatha n'kutenga chipewa.

Anafika kugalaja anzawo akungotsegula kumene. Anachotsa paipi yolowetsa mpweya, n'kupisa chala m'kamwa mwa tebo kuti agwedeze kachitsulo kozungulira ka m'kati. Kankasewera pang'ono. M'paipi munali kachinyezi ka oyilo. Kukanakhala kusewera kwakukulu akanasangalala, chifukwa akanamasula n'kunena kuti aona ndi maso. Koma kunali kwa pakatikati, kuja makaniko amati tiyeni tiimve kaye.

Anapukuta manja n'kuzungulira mpanda kupita kwa wowotcherera. Anali atakonza mawu m'mutu. Akanati chimfine chawatseka makutu, mnzawoyo angobwera adzamvetsere kamodzi. Koma anapeza wowotcherera ali ndi mlendo, bambo wa taye amene anaimika galimoto yake yoyera pambali pa msewu.

“Eya, ndi awa ndimanena aja,” anatero wowotcherera. “Bwanawa azungulira magalaja onse, makompyuta alephera. Ndawauza kuti dikirani, galu wamkota sakandira pachabe. Awa amamva ngakhale bawuti imene ikuganiza zomasuka mawa.”

Bambo wa taye anawagwira chanza ndi manja awiri.

“Mumafuna kanthu, a Makutu?” anafunsa wowotcherera.

“Ndibwerekeni waya pang'ono.”

Anabwerera ndi waya wosafunika m'manja. Anauza bambo wa taye kuti alowetse galimoto pageti, amuona akangomaliza ya mkamwini. Kenako anaima pafupi ndi pikapu ija akudzinyenga. Mwina mwanayo anamva lamba wa fani. Mwina tebo yaikulu imangolira mwachilendo kwa amene anazolowera yaing'ono. Munthu akafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa.

Dzuwa litakwera mkamwini anafika ndi mkazi wake. Ngolo anali ataisiya kale kwa oumba njerwa, itapakiridwa, ndipo omanga ankamudikira. Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana amene wagulidwa nsapato.

“Lowani muilize,” anatero a Makutu. “Ndikakweza dzanja muziponda moto, ndikatsitsa muleke. Ndiimve komaliza ndisanabwezere paipi.”

Anthu angapo anasendera pafupi. Mayi wa golosale ya kutsidya anatuluka pakhomo, bambo wa taye anapinda manja pachifuwa, wowotcherera anatsamira mpanda. Kumvetsera kwa a Makutu kunali chionetsero chaulere mumsewumo, ndipo iwo ankadziwa. Anatenga sikuludiraiva yawo, anawerama pansi pa boneti, anaika nsonga pa injini, n'kutsinzina monga ankachitira kuyambira kale. Makaniko wina aliyense akanayang'ana utsi, kapena nkhope za anthu. Koma a Makutu sanamvetserepo injini ali maso, ndipo kutero tsiku limenelo kukanakhala ngati kuulula.

Anakweza dzanja. Injini inayankha, kugunda kwake kukukwera bwinobwino. Anakwezanso. Chitsulo chinanjenjemera m'chibwano mwawo, mphamvu yeniyeni, yoti chitunda chija chikagonja. Mumdima wa m'maso mwawomo zonse zinali m'malo mwake. Anamva kamtendere kamene anali atakaiwala, ndipo anakupiza dzanja m'mwamba kuti mkamwini awonjezere.

Wina anawakoka ovolosi kumsana mwamphamvu mpaka anadzandira. Atatsegula maso anaona mwana wawo, pakamwa pali yasa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Kumbuyo kwake mayi wa golosale anali atatseka makutu ndi manja. Bambo wa taye naye chimodzimodzi. Wowotcherera anali atalumpha kale mpanda. Kutsidya kwa msewu anthu anali ataima, onse atayang'ana kuno. Mumsewu wonsewo munthu mmodzi yekha ndiye sanamve kanthu, ndipo dzanja lake linali likadali m'mwamba.

Nthawi yomweyo ku paipi ya utsi kunatuluka chiutsi choyera chimene chinadzaza galaja. Injini inakuwa mopitirira muyeso wake. Mkamwini anatulutsa dzanja pawindo akuonetsa kiyi. Anali atazimitsa, koma injini sinamvere. Tebo inali itaphulika m'kati, ikuthira oyilo mu injini, ndipo injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo wake kiyi alibenso ntchito. Imathamanga mpaka itadzipha.

Apa manja anakumbuka ntchito yawo. A Makutu anatola thabwa limene ankagonera pansi pa galimoto, analowa mu utsimo, n'kulikanikiza pakamwa pa tebo kuti mpweya usalowe. Thabwa linayamwidwa mpaka kumatirira. Injini inatsamwa, inagwedeza pikapu yonse, inayesanso. Isanafe, pansi pake panamveka kugogoda kwakukulu, kwa chitsulo chothyoka chikumenya chinzake. Kumeneko a Makutu anakumva bwinobwino, ndipo anadziwa tanthauzo lake asanawerame n'komwe. Oyilo wakuda anayamba kuyenderera pasimenti kulowera kugeti.

Utsi unatenga nthawi kuti uchoke. Mkamwini anatsika. Anagwada, anasuzumira pansi, anaona bowo m'mbali mwa injini loti nkhonya n'kulowa. Podzuka anapukuta mawondo n'kuyang'ana pansi.

“Tebo yake ndiyo inali yakufa kale, bambo,” anatero. “Anandinyenga anthu aja.”

Palibe anavomereza. A Makutu akanakonda mkamwiniyo akanatukwana, akanaponya kiyi pansi, akanachita chilichonse kupatula ulemu umenewu. Munthu munda wake wapsa, omanga akumudikira, njerwa zili pangolo, iye n'kumafunira apongozi ake pobisala. Zinawapweteka kuposa mbama.

Wowotcherera ananena kanthu atatembenukira kumbali, ndipo mayi wa golosale anagwedeza mutu mwachisoni. A Makutu sanaone pakamwa pake, choncho sanadziwe chimene chanenedwa. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, mosayang'ana kumbuyo. Bambo wa taye anayang'ana wotchi yake, analowa m'galimoto yake yoyera, n'kuibweza pang'onopang'ono kutuluka pageti, akuzemba oyilo uja. Sanatsanzike. Mkamwini anatuluka panja ndi foni kukauza omanga kuti asamudikire.

A Makutu anakhala pa tayala lakale pafupi ndi benchi. Chikhatho china chinali chitasupuka. Anaona mthunzi wa mwana wawo utaima kumbuyo kwawo. Unaima nthawi yaitali. Mwina ankalankhula, mwina ayi. Kenako mwanayo anazungulira, anakokera diresi m'mawondo, n'kunjuta patsogolo pawo kuti nkhope ziyang'anizane.

“Ndinakuitanani, bambo,” anatero pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa pa liwu lililonse. “Ndinali pafupi chonchi. Ndinakuwa mpaka mmero kuwawa.”

“Ndinali m'maganizo.”

“Bambo.”

Anayang'ana oyilo amene anali atafika pa nsapato zawo.

“Zinayamba liti?” anafunsa mwanayo atawagwira bondo kuti adzutse maso.

“Kale.”

“Amayi akudziwa?”

Anagwedeza mutu kuvomera. Mwanayo analuma mlomo. M'maso mwake munali mkwiyo, ndipo a Makutu anaudikira kuti utuluke, poti unali woyenera. Nyumba yake ndiyo imene igone ndi nkhawa, ana ake ndiwo amadya za pikapu imeneyi. Koma mwanayo anangotenga chinsanza choyera pabenchi n'kuyamba kuwamanga chikhatho chosupukacho, mokoka kwambiri kuposa mmene zimafunikira.

A Makutu anayang'ana pikapu ija, boneti ili yasa, thabwa litagwera pansi. Moyo wawo wonse sanalolepo injini kufa osadziwa mawu ake omaliza. Ngakhale tsopano, zonse zitatayika, chinthu chimenecho chinkawakanda mumtima.

“Dzulo lija,” anatero, “inkalira bwanji?”

Mwanayo anasiya kumanga. Anawayang'ana ngati sanamvetse. Kenako anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, anakoka mpweya, anasongola milomo n'kuyamba kuimba likhweru, akukweza chala m'mwamba pang'onopang'ono kusonyeza mmene linkakwerera. Misozi inatsika mpaka pachibwano koma sanaleke. Panja mkamwini anacheuka foni ili kukhutu. Wowotcherera naye anadzutsa mutu tsidya la mpanda.

A Makutu anapendeka mutu, anasendeza khutu lamanja kufupi ndi milomo ya mwana wawo, n'kudikira.

“Kweza pang'ono, mwana wanga,” anatero.